Makina amagetsi ochotsera chipale chofewa

Makina amagetsi ochotsera chipale chofewa ndi makina okankha ndi manja omwe amapala chipale chofewa chimene chagwa pansi n'kuchiponyera kumbali kudzera m'paipi. Pa Chingelezi amatchedwa electric snow thrower kapena electric snow blower. Amapezeka kwambiri m'makomo a anthu ku Canada, kumpoto kwa United States ndi m'mayiko ena ozizira, komwe m'nyengo yachisanu chipale chimatseka makomo, tinjira ta galimoto ndi njira za anthu oyenda pansi. Ena amayendera magetsi a m'nyumba kudzera pa chingwe chachitali, ena amayendera mabatire otchaja.

Makinawa ndi opepuka, saphokosera kwambiri, safuna petulo kapena oyilo, ndipo munthu mmodzi amatha kuwamanga yekha atangowatulutsa m'katoni. Koma mphamvu zawo zili ndi malire. Amatha kugwira ntchito yokhayo imene magetsi a m'soketi kapena a m'batire angakwanitse, choncho amathandiza munthu wodziwa nthawi yoyenera kutuluka nawo panja, chingwe choyenera, ndi mtundu wa chipale chomwe sangachithe.

Chipale chofewa ndi kulemera kwake

Chipale chofewa n'chosiyana ndi matalala, n'chosiyananso ndi chisanu chomwe chimayera pa udzu m'mamawa kumadera okwera. Chimapangika m'mitambo pamene nthunzi ya madzi yauma n'kukhala timibulu tating'ono kwambiri, ndipo chimagwa pang'onopang'ono ngati thonje. Kunja kukapitiriza kuzizira sichisungunuka, chimangounjikana. Kum'mwera kwa Africa chimagwa m'mapiri a ku Lesotho ndi a Drakensberg, ndipo mu Julayi 2023 chinagwako pang'ono ku Johannesburg, koma kumeneko sichikhalitsa m'misewu ya m'tauni. Kumpoto kwa dziko lapansi nkhani yake ndi ina. Mzinda wa Syracuse m'chigawo cha New York umalandira chipale cha mamita pafupifupi 3 pa chaka, ndipo Sapporo ku Japan amalandira choyandikira mamita 5. Mu Novembala 2014, madera ena a kum'mwera kwa mzinda wa Buffalo analandira chipale chokwana mamita 2 m'masiku ochepa chabe.

Munthu yemwe sanachinyamulepo amaganiza kuti n'chopepuka, koma kulemera kwake kumasinthasintha kwambiri. Chipale chouma chomwe changogwa kumene kukuzizira kwambiri chimalemera makilogalamu pakati pa 50 ndi 100 pa kiyubiki mita imodzi. Chonyowa, chomwe chimagwa kutentha kuli pafupi ndi 0 °C kapena chomwe chayamba kusungunuka, chimatha kufika makilogalamu 300 kapena kuposa. Mwachitsanzo, kanjira ka galimoto kotalika mamita 10 ndi kotambalala mamita 5 kakakwiririka ndi chipale cha masentimita 15, pamakhala makiyubiki mita 7.5. Ngati chili chouma amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 750, ofanana ndi matumba 15 a chimanga. Ngati chili chonyowa ndi matani oposa awiri. Malo ndi omwewo, kuya kwake n'komweko, koma ntchito yachuluka katatu. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti makina omwe dzulo anayenda bwino lero azitsamwa.

Kuchotsa katundu wotereyu ndi fosholo n'kotopetsa komanso n'koopsa kwa anthu ena. Bungwe la American Heart Association limachenjeza kuti kunyamula chipale ndi fosholo pamalo ozizira kumapanikiza mtima, makamaka kwa achikulire ndi omwe ali kale ndi matenda a mtima. Ndipo sikuti munthu angangochisiya. Mizinda yambiri ili ndi malamulo okakamiza eni nyumba kulambula njira ya oyenda pansi yomwe yadutsa kutsogolo kwa nyumba zawo. Ku Minneapolis, mwini nyumba ya banja limodzi kapena awiri amapatsidwa maola 24 chipale chikasiya kugwa. Ku New York City, chikasiya kugwa masana, amapatsidwa maola anayi okha.

Mbiri

Makina oyamba ochotsera chipale anapangidwira njanji. Mu 1870, Robert Carr Harris wa ku Dalhousie m'chigawo cha New Brunswick ku Canada analembetsa makina olambulira njanji pogwiritsa ntchito chitsulo chozungulira. Koma munthu yemwe amadziwika kuti anayambitsa makina ochotsera chipale m'misewu ndi Arthur Sicard wa ku Quebec, yemwe anabadwa mu 1876 ndi kumwalira mu 1946. Iye anakulira kumunda pafupi ndi Montreal ndipo nzeru yake anaitenga ataona makina opunthira tirigu. Mu 1925 anamaliza makina ake oyamba, omwe anali omangidwa pa galimoto yaikulu, ndipo mu 1927 anagulitsa oyamba ku tauni ya Outremont.

Makina aang'ono oti munthu n'kumakankha pakhomo anabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene mabanja ambiri ku America anasamukira m'nyumba zokhala ndi galaja ndi kanjira kakekake ka galimoto. Kampani ya Toro ya ku Minnesota inayamba kuwagulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Ariens ya ku Brillion m'chigawo cha Wisconsin inatulutsa ake otchedwa Sno-Thro mu 1960. Amenewa anali a petulo. Amagetsi a chingwe anabwera pambuyo pake ngati njira yotsika mtengo ya anthu a malo aang'ono, ndipo a mabatire anafala m'zaka za m'ma 2010 mabatire a lithium atayamba kutsika mtengo. Masiku ano amapangidwa ndi makampani monga Toro, Snow Joe, Greenworks, EGO ndi Ryobi.

Mitundu ndi zigawo zake

Makina ochotsera chipale amagawidwa potengera magawo omwe chipale chimadutsamo. Mtundu woyamba, wotchedwa single-stage, uli ndi chopalasira chimodzi chokha kutsogolo. Chopalasirachi, chomwe pa Chingelezi ndi auger, chimazungulira mwaliwiro ndipo chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kupala chipale ndi kuchiponyera m'paipi. Pafupifupi makina onse a chingwe ndi a mtundu umenewu. Mtundu wachiwiri, two-stage, uli ndi chopalasira chachitsulo chozungulira pang'onopang'ono chomwe chimasonkhanitsa chipale n'kuchipereka kwa fani yothamanga yomwe ili kumbuyo kwake, ndipo faniyo ndi yomwe imachiponya. Amenewa ndi aakulu, amayenda okha, ndipo kale anali a petulo okhaokha, ngakhale tsopano alipo a mabatire. Palinso kachipangizo kakang'ono kopanda matayala kotchedwa fosholo yamagetsi, komwe n'koyenera masitepe ndi makonde basi.

Makina wamba a chingwe amalambula mzere wa masentimita pakati pa 45 ndi 55 m'lifupi. Amayenda bwino pa chipale chosapitirira masentimita 20, ndipo chikakhala chouma amachiponya mamita 6 mpaka 9. Kulemera kwawo nthawi zambiri sikupitirira makilogalamu 16, moti munthu amatha kuwanyamula kukwera nawo pakhonde.

Kutsogolo kuli chibokosi chotseguka momwe muli chopalasira, chomwe chimakhala cha pulasitiki yolimba kapena chachitsulo chokhala ndi labala m'mphepete. Kunsi kwa chibokosicho kuli kachitsulo kapena kapulasitiki kopyapyala komwe kamakwecha pansi kuti pasatsale chipale. Mota imakhala mkati, ndipo imazungulitsa chopalasira kudzera pa lamba yemwe ali chammbali. Pamwamba pali paipi yotayira, yomwe imatembenuka madigiri 180 kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo kunsonga kwa paipiyo kuli kachivindikiro kopendeka komwe kamachititsa kuti chipale chipite m'mwamba ndi kutali kapena chigwe pafupi. Kumbuyo kuli matayala awiri aang'ono ndi chogwirira chachitali momwe muli batani ndi kachitsulo kofinya poyatsa. Matayalawo alibe mphamvu yawoyawo, wokankha ndi munthu.

Chifukwa chopalasira chimakhudza pansi, makina a single-stage ndi oyenera pa simenti, pa phula, pa njerwa zoyalidwa bwino ndi pa matabwa. Pa njira ya miyala ing'onoing'ono amatola miyalayo n'kuiponya pamodzi ndi chipale, zomwe zimaswa magalasi ndi kuvulaza anthu. Ambiri amazindikira zimenezi atagula kale.

Kumanga makina

Makinawa amabwera m'katoni atamangidwa kale mbali yaikulu. Mota, lamba, chopalasira ndi matayala zimakhala zili m'malo mwake. Zotsala kwa mwini wake ndi chogwirira, ndodo yotembenuzira paipi, ndipo nthawi zina kachivindikiro ka kunsonga kwa paipi. Mitundu yambiri sifuna sipanala chifukwa mabawuti ake ali ndi zomangira zapulasitiki zopotokola ndi dzanja. Ntchito yonse imachitika makina asanalumikizidwe ku magetsi, ndipo kwa a mabatire, batire lisanaikidwe.

Choyamba ndi kutulutsa zonse m'katoni n'kuziyala pansi, kenaka kuziwerenga poyerekeza ndi mndandanda womwe uli m'buku la malangizo. Timabawuti ndi timapini timakonda kubisala m'makona a katoni, choncho katoniyo satayidwa ntchito isanathe. Ndi bwinonso kusuzumira m'chibokosi cha kutsogolo ndi m'paipi, chifukwa opanga amaikamo zidutswa za katoni kapena thovu lapulasitiki zotetezera pa ulendo.

Chogwirira chimabwera m'zidutswa ziwiri kapena zitatu, kapena chopindidwa. Chidutswa cha m'munsi chimamangidwa ku thupi la makina, chapakati chimalowa pa cham'munsi, cham'mwamba chomwe chili ndi batani chimabwera pomaliza. Mabowo akayang'anizana, bawuti imalowetsedwa ndipo chomangira chimapotokoledwa mbali inayo. Mabawuti ambiri ali ndi khosi la makona anayi pansi pa mutu, ndipo khosilo liyenera kukhala bwinobwino m'bowo lake, apo ayi bawuti imangozungulira pamodzi ndi chomangira osalimba. Njira yabwino ndi kumanga mbali zonse ziwiri mosalimbitsa kaye, kenaka n'kulimbitsa zonse chogwirira chitawongoka. Wolimbitsa mbali imodzi msanga amapeza mabowo a mbali inayo akusemphana.

Pa gawo limeneli ndi pomwe pamaonongeka zinthu. Kuchokera pa batani kupita ku mota pamadutsa waya wamagetsi wotsatira chogwirira. Powongola kapena polowetsa zidutswazo, wayayo amatha kupanika pakati pa zitsulo ziwiri n'kung'ambika khungu, ndipo kung'ambikako sikuoneka msanga. Wayayo ayenera kudutsa kunja kwa molumikizira, osakokeka komanso osalendewera, ndipo amagwiridwa ndi timapini tapulasitiki tomwe timabwera m'katoni momwemo.

Ndodo yotembenuzira paipi imadutsa pa kabowo ka pa chogwirira n'kukalowa m'munsi mwa paipi momwe muli timano tozungulira. Kumeneko imatsekedwa ndi kapini kapena kasikuluwu. Ikamangidwa, munthu amaipukusa kuti aone ngati paipi ikutembenuka mbali zonse popanda kugwira. Kachivindikiro ka kunsonga kamamangidwa moti pasakhale mpata pakati pa iko ndi paipi, chifukwa mpata ukakhalapo chipale chimatulukira pomwepo n'kumenya wokankha kumaso.

Pomaliza, munthu amazungulitsa matayala, amagwedeza chogwirira kuti aone ngati chalimba, ndipo amayatsa makinawo kwa masekondi ochepa pamalo opanda kanthu. Akasiya kufinya kachitsulo ka pa chogwirira, mota iyenera kuzima. Makina omwe akupitiriza kuyenda munthu atasiya kufinya ndi oonongeka ndipo sayenera kugwiritsidwa ntchito.

Chingwe ndi soketi

Makina a chingwe sabwera ndi chingwe chachitali. Ali ndi kapulagi kafupi chabe pa chogwirira, ndipo chingwe chimagulidwa padera. Ambiri amachiona ngati chinthu chaching'ono, komatu ndi chimene chimalamula mphamvu yomwe ifike ku mota.

Ku Canada ndi ku United States masoketi wamba a m'nyumba ndi a ma volt 120, ndipo ambiri amatetezedwa pa ma amp 15. Kuchulukitsa manambala awiriwa kumapereka ma watt 1,800, ndipo amenewa ndiwo malire a makina ambiri a chingwe kumeneko. N'chifukwa chake aakulu kwambiri mwa iwo amalembedwa kuti 15 amp ndipo sapitirira pamenepo. Mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi ya ketulo yamagetsi, ndipo ndi yochepa poyerekeza ndi ya injini ya petulo ya makina a two-stage. Tanthauzo lake linanso n'lakuti ngati pa mzere womwewo wa magetsi pali hita kapena firiji ya m'galaja, magetsi amatha kuzima makina akangoyamba kulimbana ndi chipale cholemera.

Kunenepa kwa waya ku North America kumayezedwa ndi manambala a AWG, ndipo amayenda chobwerera: nambala yaing'ono ndiye waya wonenepa. Waya wa 16 AWG ndi wa 1.3 mm², wa 14 AWG ndi wa 2.1 mm², wa 12 AWG ndi wa 3.3 mm². Pa makina a ma amp 15, mabuku a malangizo amakonda kutchula 14 AWG ngati chingwe sichipitirira mamita 15, ndi 12 AWG ngati chikufika mamita 30. Chingwe chopyapyala kapena chotalika mopitirira chimataya mphamvu m'njira, chimatentha, ndipo mota imalandira magetsi operewera n'kumavutika mpaka kupsa. Kulumikiza zingwe ziwiri kapena zitatu kuti zitalike kumaonjezera vutolo, komanso polumikizira pamagona m'chipale ndipo pamalowa madzi.

Chingwecho chiyenera kukhala chopangidwira panja. Ku America zotere zimakhala ndi chilembo W pa khungu lake, monga SJTW. Zilipo zina zopangidwira malo ozizira kwambiri zomwe zimakhalabe zofewa kunja kukazizira, pomwe zingwe wamba zimauma ngati ndodo ndipo zimasweka khungu pozipinda. Chamtundu woonekera patali, monga chachikasu kapena cha olenji, chimathandiza kuti munthu asachiponde ndi makina.

Soketi nayo iyenera kukhala ya mtundu wa GFCI, yomwe imadula magetsi ikazindikira kuti pang'ono pokha, ma milliamp pafupifupi 5, akuthawira kwina monga m'madzi kapena m'thupi la munthu. Imadziwika ndi timabatani tiwiri tolembedwa TEST ndi RESET. Ku Ulaya chitetezo chofanana nacho chimatchedwa RCD. Makina ogulidwa ku America sangalumikizidwe ku soketi ya ku Britain kapena ya ku Germany, komwe magetsi ndi a ma volt 230.

Pa chogwirira pamakhala kangowe kokolekapo chingwe. Munthu amapinda chingwe, n'kuchikoleka pa kangoweko, kenaka n'kulowetsa pulagi. Akapanda kutero pulagi imazuka nthawi iliyonse chingwe chikakokeka.

Mabatire

Makina a mabatire amachotsa vuto la chingwe koma amabweretsa vuto la nthawi. Kampani iliyonse ili ndi mabatire akeake: EGO amalemba ma volt 56, Toro 60, Ryobi 40, ndipo batire la kampani ina silikwana pa makina a kampani ina. Mphamvu yomwe batire lasunga imapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma amp-hour. Batire la 56 V ndi 5 Ah limasunga pafupifupi ma watt-hour 280, awiri amasunga 560. Mota ikamadya ma watt 1,500 mosalekeza, mabatire awiriwo amatha pa mphindi zongopitirira 20. Pa chipale chouma ndi chochepa amakhalitsa kuposa apo chifukwa mota siikoka mphamvu zonse.

Mabatire a lithium sagwirizana ndi kuzizira. Akazizira amapereka mphamvu zochepa, ndipo kuwatchaja kutentha kuli pansi pa 0 °C kumawaononga mkati mosabwereranso. Choncho amasungidwa ndi kutchajidwa m'nyumba, n'kumaikidwa pa makina nthawi yogwira ntchito itakwana. Makina enieniwo angathe kugona m'galaja yozizira popanda vuto.

Kagwiritsidwe ntchito

Ntchito imayamba chipale chisanagwe. Chilichonse chomwe chatsala pabwalo chimabisika pansi pa chipale ndipo chopalasira chimachimeza: nyuzipepala, kamphasa ka pakhomo, chingwe chomangira galu, paipi yothirira maluwa, zidole za ana, mawaya a nyali za Khirisimasi. Nyuzipepala youma ndi chisanu imatha kuimitsa makina nthawi yomweyo ndi kudula lamba. Anthu ena amakhomanso timitengo m'mbali mwa njira kuti adziwe pomwe simenti yathera ndi pomwe kapinga wayambira.

Poyatsa, munthu amakanikiza batani lachitetezo, n'kufinya kachitsulo ka pa chogwirira, kenaka n'kusiya batanilo. Makina amayatsidwa asanalowe m'chipale kuti chopalasira chiyambe chafika pa liwiro lake. Kenaka amakankhidwa pang'onopang'ono. Phokoso la mota ndi lomwe limauza munthu liwiro loyenera: likayamba kutsika ndiye kuti makina alemedwa, ndipo m'pofunika kubwerera pang'ono kapena kuchepetsa mulingo womwe akumeza. Pa chipale chakuya kapena chonyowa, munthu amatenga theka la m'lifupi mwa makina pa ulendo uliwonse m'malo motenga mzere wonse.

Wa makina a chingwe amayambira pafupi ndi soketi n'kumapita kutali, akuyenda uku ndi uku, kuti chingwe chizikhala kumbuyo kwake pamalo olambula kale. Akafika kumapeto kwa mzere amatembenukira mbali yomwe kulibe chingwe, n'kupukusa ndodo kuti paipi iyang'anenso komwe akutayira. Ena amakoleka chingwecho paphewa. Kukakhala mphepo, chipale chimaponyedwa kotsatira mphepoyo, chifukwa woponya molimbana nayo chimamubwerera yekha. Paipi siyenera kuloza anthu, ziweto, galimoto kapena mawindo. Kuponyera chipale mumsewu n'koletsedwa m'mizinda yambiri, ndipo kuponyera pabwalo la woyandikana naye nyumba ndi gwero lodziwika la mikangano.

Nthawi ndiyo chinthu chachikulu pa makina amagetsi. Kukalengezedwa kuti kugwa chipale cha masentimita 30, mwini makina otere sadikira kuti chithe. Amatuluka chikafika masentimita 10 kapena 15, n'kudzatulukanso pambuyo pake. Kulambula kawiri chipale chochepa kumatenga nthawi yochepa kusiyana ndi kulimbana kamodzi ndi chomwe chaposa pakamwa pa makina. Ndi bwinonso kulambula galimoto isanadutsepo kapena anthu asanapondepo, chifukwa chipale chotsenderezeka chimasanduka ayezi, ndipo ayezi makinawa samutha. Chomwe chasungunuka masana n'kuumanso usiku chimafuna fosholo yachitsulo ndi mchere.

Malo ovuta koposa ndi polowera kuchokera mumsewu. Galimoto za khonsolo zolambula misewu zikamadutsa zimakankhira chipale m'mbali, ndipo pakhomo lililonse pamatsala chimulu cholimba chosakanikirana ndi mchere, mchenga ndi zibuma za ayezi. Chimuluchi n'cholemera kuposa chipale china chonse, ndipo chikagona usiku chimauma gwa. Makina a chingwe amachitha pokhapokha chikadali chatsopano, pochidya pang'onopang'ono kuchokera m'mbali kapena munthu atayamba wachiphwanya ndi fosholo. Kwa anthu okhala m'mphepete mwa misewu ikuluikulu kumadera a chipale chambiri, chimulu chimenechi ndi chomwe chimawachititsa kugula makina a two-stage ngakhale bwalo lawo lili laling'ono.

Ngozi

Makina amagetsi satulutsa utsi, choncho alibe chiopsezo cha mpweya wa carbon monoxide womwe umapha anthu oyatsa injini za petulo m'galaja yotseka. Zoopsa zawo ndi magetsi pamalo onyowa, zinthu zoponyedwa, kuterereka, ndipo koposa zonse kuvulala kwa manja.

Chipale chonyowa chimamatirira m'paipi mpaka kuitseka. Munthu akaona kuti makina akulira koma sakutulutsa kanthu, dzanja limathamangira kukachotsa chomwe chatsekacho, ndipo kuvulala kwambiri kumachitika pamenepa. Ku United States anthu masauzande amapita kuchipatala chaka chilichonse atavulazidwa ndi makina ochotsera chipale a mitundu yonse, ndipo ambiri amavulala zala, ena mpaka kuduka. Mu Disembala 2008, Joe Sakic, yemwe anali kaputeni wa timu ya ice hockey ya Colorado Avalanche, anathyoka zala zitatu pa ngozi ya makina ochotsera chipale kunyumba kwake.

Kuzimitsa kokha sikokwanira. Chopalasira chimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi mota itazima. Komanso chikaima chifukwa chopanikizika, lamba ndi zitsulo zimatha kukhala zitakokeka ngati uta, moti chotsekacho chikangochoka chimadumpha n'kuzungulira pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo mpokwanira kuphwanya chala. Magolovesi sateteza, amangothandiza kuti dzanja likokedwere mkati. Njira yoyenera ndi kusiya kufinya chogwirira, kuzula pulagi kapena kuchotsa batire, kudikira mpaka zonse zitaima, kenaka kutokosa ndi kandodo kapulasitiki komwe makina ambiri amabwera nako kapena ndi mpini wa tsache. Kupopera mafuta oterera a silicone mkati mwa paipi ntchito isanayambe kumachepetsa kumatirira.

Wogwira ntchitoyi amavala nsapato zosaterera ndi magalasi oteteza maso, ndipo amapewa sikafu yolendewera kapena zingwe za jekete zomwe zingakodwe. Chingwe chikadulidwa ndi chopalasira, munthu sachigwira pomwe chadukapo, amapita kukazula ku soketi kaye. Makina akagunda chinthu cholimba kapena akayamba kunjenjemera mwachilendo amazimitsidwa n'kuunikidwa asanapitirize. Ana saloledwa kuwayendetsa kapena kusewera pafupi.

Kusamalira ndi kusunga

Ntchito ikatha, makina amasiyidwa akuyenda kwa kanthawi pamalo olambula kuti atulutse chipale chotsalira, kenaka amazulidwa ku magetsi n'kusesedwa ndi burashi. Chipale chikasiyidwa mkati chimasungunuka n'kuumanso, ndipo tsiku lotsatira chopalasira chimapezeka chagwidwa ndi ayezi. Kuyatsa makina ali choncho kumawotcha lamba. Zikatero amalowetsedwa pamalo ofunda kuti asungunuke okha. Satsukidwa ndi madzi a m'paipi chifukwa madzi amalowa m'mota ndi m'batani. Mchere wa mumsewu umadya zitsulo, choncho umapukutidwa ndi kansalu konyowa pang'ono.

Zigawo zomwe zimatha ndi zitatu: kachitsulo kokwecha pansi, labala wa chopalasira, ndi lamba. Kachitsulo kakatha makina amasiya chipale chopyapyala kumbuyo kwawo, ndipo munthu akachedwa kukasintha chibokosi chenichenicho chimayamba kudyeka. Lamba wotha amadziwika ndi fungo la labala wopsa, kapena mota kumalira chopalasira chitaima. Zonsezi zimagulitsidwa padera potengera nambala ya mtundu wa makina yomwe imalembedwa pa kapepala komata kumbuyo kapena kunsi kwake, ndipo zimasinthidwa ndi sikuludiraiva ndi sipanala.

Nyengo yachisanu ikatha, m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, zomangira za chogwirira zimamasulidwa kuti chipindike, waya wa batani akuyang'aniridwa kuti asapanike monga pomanga paja. Chingwe chimaunikidwa ngati chili ndi ming'alu, n'kukulungidwa mosathina. Mabatire amasungidwa pamalo ouma osatentha, ali ndi chaji ya pafupifupi theka.